PULATINAMU, CHITSULO CHOSACHITA DZIMBIRI

Mlimi akaiwala khasu lake m'munda nthawi ya dzinja, pakapita masabata awiri akalipeza litafiira ndi dzimbiri. Chibangili cha mkuwa chikakhalitsa m'bokosi chimabiriwira, ndipo ngakhale siliva, amene anthu amuyesa wamtengo wapatali, amada akakhala nthawi yaitali osapukutidwa. Chotero anthu ambiri aganiza kuti chitsulo chili chonse chili ndi tsiku lake lakutha. Koma zilipo zitsulo zowerengeka zimene mvula, mpweya ndi moto zilephera kuziononga. Chodziwika kwa onse ndi golide. China, chimene chisowa kopambana golide, dzina lake ndi pulatinamu.

Mwa owerenga nkhani ino ndi ochepa okha amene anagwirapo pulatinamu m'manja mwawo. Komabe mlimi amene athira feteleza wa CAN m'chimanga chake, mayi amene alandira mankhwala a khansa ku chipatala chachikulu, ndi munthu wogulitsa mtedza pa sikelo, onsewa anathandizidwapo ndi chitsulochi osadziwa. Chifukwa chake chili m'makhalidwe ake awiri amene aoneka ngati otsutsana. Pulatinamu iye mwini akana kusinthika, koma zinthu zina zikamukhudza zisinthika msanga.

Mawu akuti "chitsulo" m'Chichewa atanthauza zinthu ziwiri: mtundu wonse wa zinthu zolimba zonyezimira monga mkuwa, mtovu ndi golide, ndiponso chitsulo chija asulira makasu ndi nkhwangwa. Kuti pasakhale chisokonezo, chachiwirichi m'nkhani muno chitchedwa chitsulo cha makasu.

KULEMERA KWAKE

Pomuona ndi maso, pulatinamu ndi woyera motuwira, ndipo munthu akhoza kumuyesa siliva kapena chitsulo chija apangira masupuni. Koma pomunyamula ndi pamene munthu adabwa. Ndowa ya malita 20 yodzaza madzi ilemera makilogalamu 20, ndipo amayi aisenza pamutu kuchokera ku mjigo. Ndowa yomweyo itadzaza chitsulo cha makasu ingalemere makilogalamu 157. Itadzaza mtovu ingalemere 227, golide 386, koma pulatinamu 429, ndiko kunena kulemera kwa matumba a chimanga asanu ndi atatu ndi theka. Ngakhale kapu ya tiyi yodzaza pulatinamu ingapitirire makilogalamu 5. Mwa zitsulo zonse zokumbidwa pansi, ziwiri zokha ndizo zimuposa kulemera, osmium ndi iridium, ndipo zonse ziwirizo ndi abale ake opezeka naye m'mwala umodzi.

Kulemera kotereku kuchokera ku tinthu tating'onoting'ono tosaoneka ndi maso, totchedwa maatomu, timene tipanga chinthu chili chonse. Atomu imodzi ya pulatinamu ilemera katatu ndi theka kuposa ya chitsulo cha makasu, ndiponso maatomuwo akhala mothithikana kwambiri. Aphunzitsi amene ali ndi tchati cha zinthu zoyambira m'kalasi mwawo adzamupeza pa nambala 78, pafupi ndi golide amene ali pa 79, ndipo chizindikiro chake ndi Pt.

Koma kulemera si kulimba. Pulatinamu wosasakaniza ndi wofewa ndithu, ndipo khasu la pulatinamu lingakhale lopanda ntchito, pakuti mlimi sangalime nalo ngakhale mzere umodzi chifukwa cha kulemera, ndiponso lingapindike likagunda chitsa. N'chifukwa chake opanga mphete amusakaniza ndi chitsulo china pang'ono kuti alimbe. Ubwino wa kufewako ndi wakuti pulatinamu asulika osathyoka. Galamu imodzi akhoza kuikoka mpaka isanduke waya woposa kilomita kutalika, wopyapyala kopambana tsitsi la munthu.

MOTO WA M'CHIPALA SUMUKHOZA

Madzi awira pa madigiri 100. Mtovu usungunuka pa 327, kotero kuti munthu akhoza kuusungunula m'chitini pa moto wa makala. Golide asungunuka pa 1,064, mkuwa pa 1,085, chitsulo cha makasu pa 1,538, koma pulatinamu afuna madigiri 1,768. Wosula atamuika m'chipala, navukuta mvukuto tsiku lonse, pulatinamu angofiira, nayera ndi kutentha, koma pozizira abwerera monga anali. Sachita ngakhale makoko akuda aja amene ayoyoka pa chitsulo cha makasu pochisula.

Kukana motoku ndiko kunachititsa kuti Azungu oyamba kumupeza adane naye. Zaka za m'ma 1700, anthu a ku Spain anali kufuna golide m'mitsinje ya dera la Chocó, m'dziko limene lero litchedwa Colombia ku South America, ndipo amene anali kugwira ntchito yosefa mchengayo anali akapolo otengedwa ku Afrika. Posefa mchenga m'mbale, zopepuka zipita ndi madzi ndipo zolemera zitsalira pansi. Tsono pamodzi ndi golide panali kutsalira timibulu tina toyera timene sitinkachoka, popeza tinali kulemera ngati golide yemweyo. Poyesa kutisungunula tinakana. Anthu a ku Spain anatitcha platina, ndiko kunena "kasiliva", dzina lonyoza, ndipo dzina la pulatinamu lichokera pomwepo.

Akamberembere sanachedwe kuona kuti chinthu cholemera ngati golide chikhoza kubisika m'golide, sikelo osazindikira. Chinyengochi chitachuluka, Boma la Spain linalamula kuti pulatinamu wopatulidwa ku golide azitayidwa m'mitsinje. Mbiri ya chitsulochi inafika kwa anthu ophunzira a ku Ulaya m'chaka cha 1748, pamene Antonio de Ulloa, mkulu wa pa zombo za nkhondo za Spain, anasindikiza nkhani ya ulendo wake wa ku South America.

Chodabwitsa n'chakuti eni dziko a kumeneko anali atapeza kale nzeru imene Azungu inawasowa. Zaka mazana ambiri anthu a ku Spain asanafike, osula a m'mbali mwa nyanja m'malire a Ecuador ndi Colombia anali kupanga ndolo ndi zokometsera zina za pulatinamu. Iwo sanayese kumusungunula ayi. Anali kusakaniza timibuluto ndi fumbi la golide, naziotcha mpaka golide yekha atasungunuka ndi kumata timibulu tija pamodzi, kenaka nasula ndi kuotchanso kambirimbiri mpaka zonse zitakhala chinthu chimodzi. Anthu amene anaonapo ng'anjo zakale, monga zija zidakaoneka m'nkhalango ya Kasungu, adzazindikira nzeru imeneyi, pakuti osula akale a dziko lino nawonso sanali kusungunula chitsulo kuti chiyende ngati madzi. M'ng'anjo munali kutuluka chibuma chokhala ndi mabowo, ndipo nyundo ndiyo inali kuchisandutsa chitsulo cholimba.

Ku England, William Hyde Wollaston anatsata njira yofanana nayo kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1800. Anali kusandutsa pulatinamu ufa woyera bwino, naupanikiza m'chikombole, nauotcha, nausula. Njirayi inamulemeretsa, ndipo anaibisa mpaka m'chaka cha 1828, ali pafupi kumwalira. Kusungunula pulatinamu wambiri nthawi imodzi kunatheka zaka za m'ma 1850, pamene Afalansa awiri, Deville ndi Debray, anapanga ng'anjo ya laimu yokolezedwa ndi mpweya wa okosijeni. Dziko la Russia, limene linapeza pulatinamu m'mapiri a Ural, linafika popanga naye ndalama kuyambira 1828 mpaka 1845.

Lero kukana moto komweko ndiko kumupatsa ntchito. Timiphika timene akatswiri aotchera zinthu poziyesa, ziwiya zosungunuliramo galasi labwino, ndi mawaya oyezera kutentha kwa ng'anjo za m'mafakitale, zambiri mwa izi n'za pulatinamu.

DZIMBIRI NDI ASIDI

Kodi dzimbiri n'chiyani? Mu mpweya umene anthu apuma muli gawo lina lotchedwa okosijeni, limene likolezanso moto. Pakakhala chinyezi, okosijeni agwirana ndi chitsulo cha makasu, ndipo ziwirizi zikagwirana zipanga fumbi lofiira lija. Mphunzitsi akhoza kuonetsa ana zimenezi pokulunga msomali umodzi m'kansalu konyowa ndi kusunga wina m'botolo louma lotseka bwino. Sabata isanathe kusiyana kuoneka. Maatomu a pulatinamu sagwirana ndi okosijeni mwanjira yotere, kaya pamvula, kaya m'madzi amchere, kaya m'thukuta la munthu. N'chifukwa chake madokotala amuika ngakhale m'kati mwa thupi, monga pa nsonga za mawaya a kamakina kothandiza mtima kugunda, ndipo akhala m'menemo zaka zambiri osaonongeka.

Asidi wa m'batire ya galimoto, amene aboola malaya ndi kudya chitsulo cha makasu, pulatinamu samumva. Asidi wina waukali wotchedwa nitric asungunula siliva ndi mkuwa, koma pulatinamu atuluka m'menemo ali bwinobwino. Chimodzimodzinso ndi asidi wa hydrochloric. Koma asidi awiri otsirizawa akasakanizidwa, magawo atatu a hydrochloric ndi gawo limodzi la nitric, naotchedwa, pamenepo pulatinamu agonja, nasungunuka pang'onopang'ono mpaka madziwo afiira. Msanganizo umenewu anthu akale anautcha aqua regia, ndiko kunena "madzi achifumu", popeza usungunula golide, mfumu ya zitsulo.

Kusasinthika kumeneku kunapatsa pulatinamu ntchito ina yaulemu. Sikelo ya pa msika ikanena kuti thumba lalemera makilogalamu 50, munthu wofunsitsa akhoza kufunsa kuti, "Nanga kilogalamuyo anaiyeza ndi chiyani?" Kwa zaka 130 yankho linali kachitsulo kamodzi kosungidwa ku Sèvres, pafupi ndi mzinda wa Paris ku France. Kanapangidwa ndi magawo asanu ndi anayi a pulatinamu ndi gawo limodzi la iridium, kozungulira ngati chitini, mamilimita 39 msinkhu ndi 39 m'mimba mwake, kosafika ngakhale utali wa bokosi la machesi. M'chaka cha 1889 maiko anagwirizana kuti kulemera kwa kachitsulo kameneka ndiko kilogalamu. Anakasunga pansi pa magalasi atatu ovundikirana, m'chipinda chotsekedwa ndi makiyi atatu, napanganso tina tofanana nako n'kutigawira maiko, ndipo miyala yoyezera ya m'maikomo inali kuyesedwa ndi timeneto. Akadapanga ka chitsulo cha makasu, dzimbiri likadasintha kilogalamu ya dziko lonse lapansi chaka ndi chaka.

Komabe ngakhale pulatinamu sanakwanitse zonse zimene akatswiri anafuna. Poyerekeza kachitsulo ka ku Sèvres ndi tinzake patapita zaka zana limodzi, anapeza kuti tasiyana pang'ono, kusiyana kochepa kuposa kulemera kwa kanjere kamodzi ka mchere. Kwa wogula nyemba zimenezo si kanthu, koma kwa akatswiri unali mlandu. Chotero kuyambira pa 20 May 2019 kilogalamu iwerengedwa ndi masamu ochokera ku malamulo a chilengedwe, ndipo kachitsulo kaja kanapuma pa ntchito.

NKHOSWE YA ZINTHU

Munthu akhoza kuganiza kuti chitsulo chokana kugwirana ndi zinthu zina n'chaulesi, choyenera mphete basi. Koma ntchito yaikulu ya pulatinamu ili pomwepa.

M'chaka cha 1823, Mjeremani wina dzina lake Döbereiner anapemerera mpweya wa haidirojeni pa kachidutswa ka pulatinamu wonga chinkhupule. Kachidutswako kanafiira kokha, ndipo mpweyawo unayaka popanda wina kuuyatsa. Motowo utazima, pulatinamu anali chikhalire, osachepa, osapsa. Machesi onga a masiku ano kunalibe nthawi imeneyo, ndipo anthu zikwi zambiri ku Ulaya anagula nyale za Döbereiner kuti aziyatsira moto. Chinthu chimene chifulumizitsa zinthu zina kugwirana, chokha osatha, akatswiri achitcha catalyst.

Ntchito imeneyi ifanana ndi ya nkhoswe. Mnyamata ndi mtsikana akhoza kukhala m'mudzi umodzi zaka zambiri, oyenerana ndithu, koma ukwati osachitika. Ankhoswe akakhalira pansi mbali zonse ziwiri, nkhani itha tsiku limodzi. Nkhosweyo sakwatira ndipo sakwatiwa pa ukwatiwo, abwerera kwawo monga anadzera, ndipo mawa akhoza kukamanga ukwati wina. Momwemonso mipweya ikafika pa pulatinamu imatirira pamwamba pake kanthawi kochepa, maatomu ake namasuka, nakumana ndi anzawo amene akanawalambalala mumlengalenga. Zikagwirana zichoka, ndipo malo atsala oyera kudikira zina. Apa ndi pamene makhalidwe awiri aja akumana. Chitsulo cha makasu chikagwira okosijeni sichimutayanso, chingosanduka dzimbiri. Pulatinamu amugwira mosakakamira, namupereka kwa wina.

Kwa mlimi, ukwati wofunika kopambana ndi wa amoniya ndi mpweya. Chimanga chifuna chakudya chotchedwa naitirojeni, ndipo chikasowa masamba achita chikasu. M'mafakitale ayamba apanga amoniya, mpweya wa fungo loboola m'mphuno longa la m'khola la mbuzi. Kenaka asakaniza gawo limodzi la amoniya ndi magawo pafupifupi asanu ndi anayi a mpweya wamba, naupititsa pa masefa olukidwa ndi waya wopyapyala wa pulatinamu wosakaniza ndi rhodium pang'ono. Masefawo awayatsa poyamba pokha. Pambuyo pake akhala ofiira okha usana ndi usiku, pa madigiri pafupifupi 900, chifukwa cha kutentha kochokera m'kugwirana kwa mipweyayo. Mpweya udutsa pa sefa mofulumira kopambana kuphethira kwa diso, koma m'kanthawi komweko amoniya asanduka mpweya wina umene, ukakumana ndi mpweya wamba ndi madzi, upanga asidi wa nitric uja. Asidiyo akagwirizanitsidwa ndi amoniya wina pabadwa mchere wotchedwa ammonium nitrate, ndipo mcherewo akausakaniza ndi miyala ya laimu yopera ndiwo feteleza wa CAN.

Popanda sefa ya pulatinamu, amoniya akapsa angobwerera kukhala naitirojeni wa mumlengalenga ndi nthunzi ya madzi, zimene chimanga sichingadye. Njira imeneyi idziwika ndi dzina la Wilhelm Ostwald, Mjeremani amene anailembetsa m'chaka cha 1902, ndipo mpaka lero pafupifupi asidi yense wa nitric wa pa dziko lapansi apangidwa motero. Feteleza wa Urea yekha sadzera njira imeneyi, ndipo mlimi asaganize kuti m'thumba la CAN muli pulatinamu woti n'kumusefa. Nkhoswe satsagana ndi mkwatibwi ku nyumba yake. Zoona, masefawo aperepeseka pang'onopang'ono, osakwana theka la galamu pa tani ili yonse ya asidi, ndipo pakapita miyezi awasintha. Koma eni fakitale atchera masefa ena kumunsi kuti agwire fumbi lothawalo, pakuti n'ndalama.

Ntchito ina ya unkhoswe, imene imatha pulatinamu wambiri kuposa ina ili yonse, ili pansi pa galimoto. Mu utsi wa injini muli mpweya wakupha wopanda fungo, womwe uja umapha anthu ogona ndi mbaula ya makala m'nyumba yotseka mazenera. Kuyambira m'chaka cha 1975 ku America, ndipo pambuyo pake m'maiko ena, magalimoto anayamba kutuluka ndi kabokosi pa paipi ya utsi. M'kati mwake muli chinthu chonga chisa cha njuchi, cha timabowo zikwizikwi, topakidwa pulatinamu, palladium ndi rhodium, magalamu owerengeka okha. Utsi podutsa m'timabowomo, mpweya wakupha uja ugwirana ndi okosijeni nusanduka mpweya wonga umene anthu atulutsa popuma, ndipo mafuta osapsa bwino amalizika kupsa. Magalamu owerengekawo ndiwo achititsa kuti mbala za ku Britain, ku America ndi ku South Africa zizikwawira pansi pa magalimoto usiku ndi kudula timabokosito.

Nkhoswe ameneyu ali ndi mdani wake, ndiye mtovu. Mtovu ukamatirira pa pulatinamu suchokanso, ndipo mipweya isowa pokhala. Kale petulo anali kuthiridwa mankhwala a mtovu, ndipo petulo wotereyu anali kupha kabokosi kaja m'kanthawi kochepa. Ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene maiko anasiyira petulo wa mtovu. Maiko a kumwera kwa chipululu cha Sahara anamusiya pofika kuchiyambi kwa 2006, ndipo dziko lotsiriza, Algeria, linamusiya mu 2021.

AKASUNGUNUKA ASANDUKA WINA

Mphete ya pulatinamu siyabwa khungu, koma pulatinamu akasungunuka mu asidi nasanduka mchere, khalidwe lake lisintha. Anthu ena ogwira ntchito m'nyumba zoyengera chitsulochi adwala chifuwa cha mphumu ndi zidzolo chifukwa chopuma fumbi la michere imeneyi, ndipo wodwala wotere ayenera kuchotsedwa pa ntchitoyo.

Ukali womwewo unapezeka kuti ndi mankhwala, ndipo unapezeka mwangozi. M'chaka cha 1965, Barnett Rosenberg wa ku yunivesite ya Michigan State ku America anafalitsa zimene anaona pofufuza ngati magetsi asintha kakulidwe ka tizilombo tosaoneka ndi maso. Polowetsa magetsi m'madzi okhala ndi tizilomboto anasankha timapale ta pulatinamu, poganiza kuti chitsulo chosasinthika sichingasokoneze kanthu. Tizilombo tija tinaleka kugawikana, tingotalika ngati ulusi. Atafufuza nthawi yaitali anapeza kuti si magetsi anachita zimenezi ayi, koma pulatinamu pang'ono amene anasungunuka m'madzimo. Tsono popeza khansa ndi nthenda ya timaselo ta m'thupi togawikana mosaleka, anayesa mcherewo pa zotupa za mbewa, ndipo zotupa zinafota. Mankhwalawo, otchedwa cisplatin, analoledwa ku America mu 1978. Amamatirira pa ulusi wa malangizo umene uli m'kati mwa selo, selo nilephera kugawikana.

Mankhwalawa ndi amodzi mwa amene madokotala agwiritsa ntchito pa khansa ya khomo la chiberekero, nthenda imene Malawi ali m'gulu la maiko ovutika nayo kopambana pa dziko lonse lapansi. Ndi mankhwala aukali, osanzitsa, ndipo akhoza kuvulaza impso ndi makutu, chotero aperekedwa m'chipatala mokha, kudzera m'dripi, dokotala ali kuyang'anira. Agwira bwino ntchito nthenda ikapezeka isanafalikire, ndipo n'chifukwa chake azaumoyo alimbikitsa amayi kukayezetsa asanayambe kumva kupweteka.

KUMENE AKUMBIDWA

Chaka chili chonse migodi ya pa dziko lonse itulutsa golide woposa matani 3,000, koma pulatinamu safika matani 200. Popeza ndi wolemera chotere, pulatinamu yense wa chaka chimodzi angakwane m'nkhokwe imodzi yaikulu ya chimanga, ngakhale kuti nkhokweyo ingaphwasuke nthawi yomweyo. Pa magawo khumi ali onse, pafupifupi asanu ndi awiri achokera ku South Africa, ndipo otsalawo makamaka ku Russia ndi ku Zimbabwe. Kusowa sindiko kokha kuika mtengo. M'chaka cha 2008 pulatinamu anakwera kupitirira kawiri mtengo wa golide, koma kuyambira 2015 wakhala wotsikirapo, pakuti golide anthu amusunga ngati chuma, pamene mtengo wa pulatinamu utsata kwambiri zofuna za mafakitale.

Amuna ambiri amene anapita ku Joni nthawi ya Wenela anakagwira ntchito m'migodi ya golide. Migodi ya pulatinamu ili kumpoto kwa kumeneko, m'dera la Bushveld, ndipo tauni yake yotchuka ndi Rustenburg. M'chaka cha 1924 mlimi wina, Andries Lombaard, anapeza timibulu toyera posefa mchenga mu mtsinje m'dera la Lydenburg. Katswiri wa miyala, Dr. Hans Merensky, analondola kumene timibuluto tinachokera, napeza mzere wa mwala umene lero utchedwa ndi dzina lake. Mzerewo uyenda makilomita mazana ambiri pansi pa nthaka, koma kuchindikala kwake kawirikawiri ndi mita imodzi kapena kucheperapo. Chotero okumba agwira ntchito chogwada kapena chowerama, kupitirira kilomita imodzi pansi, m'malo otentha kwambiri. Ntchitoyo ndi yowawa, ndipo mikangano ya malipiro siinasowe. Pa 16 August 2012, ku mgodi wa Marikana pafupi ndi Rustenburg, apolisi anawombera ndi kupha anthu 34 amene anali kunyanyala ntchito. Ku Zimbabwe pulatinamu ali mu mtandadza wa mapiri wotchedwa Great Dyke, wotalika makilomita pafupifupi 550, ndipo akumbidwa ku Ngezi, ku Unki pafupi ndi Shurugwi, ndi ku Mimosa pafupi ndi Zvishavane.

M'tani imodzi ya mwala, ndiko kulemera kwa matumba 20 a chimanga, mutuluka magalamu ochepa okha, kawirikawiri osapitirira 6, ndipo m'magalamu amenewo pulatinamu ali pamodzi ndi abale ake asanu: palladium, rhodium, ruthenium, iridium ndi osmium. Mwalawo aupera ngati ufa, nauthira m'madzi a thovu kuti zofunika ziyandame, nasungunula zoyandamazo m'ng'anjo za magetsi, kenaka nalekanitsa abalewo mmodzimmodzi ndi asidi. Popeza onse ndi okana kusinthika, kuwalekanitsa kutenga masabata ambiri.

MIYALA YONYEZIMIRA YA M'MITSINJE

M'Malawi mulibe mgodi wa pulatinamu. Koma popeza anthu ambiri tsopano ali kusefa golide m'mitsinje, si zachilendo kuti wina atole kanthu koyera konyezimira nayamba kuwerengera chuma, kapena kuti mlendo afike ndi kachitsulo m'thumba nati ndi pulatinamu wotsika mtengo. Makhalidwe amene afotokozedwa m'nkhani muno ndiwo athandiza pamenepa.

Choyamba, mwala wa pulatinamu wa ku Rustenburg suoneka wokongola konse. Ndi wakuda motuwira, ndipo chitsulocho sichioneka ndi maso. Kunyezimira si umboni. Timapale topyapyala tonyezimira mu mchenga, timene akatswiri atitcha mica, n'topepuka, tipita ndi madzi posefa, ndipo tinyenyeka ndi chikhadabo. Mwala wina wolemera wonyezimira ngati siliva, umene ndi mtapo wa mtovu, ukamenyedwa ndi nyundo usweka timabokosi ting'onoting'ono. Pulatinamu weniweni akamenyedwa aphwatalala osasweka, ndipo akaikidwa pa makala a moto atuluka woyera monga analowera. Maginito sathetsa mlandu, pakuti pulatinamu woyengedwa sakokedwa, koma wa mu mtsinje nthawi zambiri ali ndi chitsulo cha makasu m'kati, ndipo akhoza kukokedwa pang'ono.

Muyeso wodalirika ndi wa kulemera, ndipo sukulu ili yonse yokhala ndi sikelo ya magalamu ndi botolo loyezera madzi ikhoza kuuchita. Ayambe ayeza chinthucho pa sikelo. Kenaka achimize m'madzi ndi kuona mamililita amene madziwo akwera. Agawe magalamu ndi mamililitawo. Yankho likakhala pafupi ndi 3, chinthucho ndi aluminiyamu wa mapoto. Likakhala pafupi ndi 8 ndi chitsulo cha makasu kapena cha masupuni, pakati pa 10 ndi 11 ndi siliva, kupitirira 11 pang'ono ndi mtovu. Pulatinamu woyengedwa apereka 21, ndipo timibulu ta mu mtsinje, popeza n'tosakanizika, tipereka pakati pa 14 ndi 19. Kunena mwanjira ina, magalamu 100 a pulatinamu woyengedwa akweza madzi osadzaza supuni yaing'ono ya tiyi.

Za asidi munthu asayese kunyumba, pakuti nthunzi ya madzi achifumu aja iotcha maso ndi mapapo. Chinthu chikapambana muyeso wa nyundo, wa moto ndi wa madzi, mwini wake alembe malo enieni amene anachitola, ndipo apite nacho ku ofesi ya Boma yoona za miyala ku Zomba, kumene kuli akatswiri odziwa kuyesa miyala, asanalandire kapena kupereka ndalama kwa munthu ali yense.